Chida Chikalephera, Mlandu N'wa Yani?

Lero tifuna kuweruza mlandu umene sufika ku bwalo la mfumu, koma umasautsa alembi ambiri. Munthu wakhala pa kompyuta chiyambire m'mawa, kulemba phunziro, kalata kapena buku. Mwadzidzidzi makina aima, kapena magetsi azima, ndipo ntchito ya tsiku lonse yapita. Kodi munthuyo timuyese waulesi popeza wabwera chimanjamanja? Kapena tinene kuti alibe mlandu, olakwa ndi makina?

Tiyambe taona chimene chimatayika. Mawu amene munthu akulemba amayamba akhala m'chigawo cha makina chotchedwa RAM, chimene chimagwira zinthu pokhapokha magetsi alipo. Akazima, zonse zimene sizinasungidwe pa disiki zimafafanizika. Disikiyo nayo si ya muyaya. Ya mtundu wakale ili ndi timbale tozungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi imodzi, ndipo chinthu chothamanga chotero tsiku lina chidzatopa ndithu.

Koma chotayika chachikulu si masamba ayi. Khasu likaguluka, mlimi amalikhomera napitiriza mzere pamene analekera, pakuti mzerewo uli poonekera. Mzere wa mlembi uli m'mutu mwake. Makina akamuimitsa, ganizo limene anali kulilondola limathawa, ndipo ngakhale ayakenso posachedwa, ganizolo silibwera msanga. Choipa china ndi mantha: amene sakhulupirira chida chake amalemba mtima uli m'mwamba, diso lina pa mawu, lina pa makina. Chotero amene amapatsa wantchito chida chakufa, nafuna zokolola za chida chabwino, achita chosalungama. Inu a m'makomiti ndi akulu a ntchito, musanadzudzule mlembi wanu, yambani mwaona chimene munamupatsa.

Tsono kodi mlembi watuluka wopanda mlandu? Iyayi. Akulu anati walira mvula walira matope. Amene walandira liwiro la kompyuta walandiranso zofooka zake, ndipo chofooka chodziwikiratu sichikhalanso ngozi. Kutaya ntchito kamodzi ndi tsoka; kuitaya kachiwiri mwa njira yomweyo ndi kusasamala. Odziwa za makina amalangiza kuti cholembedwa chofunika chikhale patatu, pa zosungira za mitundu iwiri, china chili kunyumba ina.

M'chaka cha 1998, ku kampani ya Pixar ku America, lamulo limodzi loperekedwa molakwika kwa kompyuta linafafaniza mbali yaikulu ya kanema wa Toy Story 2. Atathamangira ku zosungira zawo anapeza kuti nazonso zinali zitawonongeka, iwo osadziwa. Anawapulumutsa ndi mayi wina wa pa ntchitopo, Galyn Susman, amene anali kugwirira ntchito kunyumba chifukwa cha mwana wakhanda, nakhala ndi kope lake kumeneko. Phunziro n'lakuti nkhokwe imene simuisuzumira simudziwa ngati muli chimanga kapena anankafumbwe.

Nanga ngati munthu wasamala, koma ntchito n'kutayikabe? Pamenepo mlandu watha, chatsala ndi mtima. Vutoli ndi lakale kuposa makina. M'chaka cha 1835, ku London, Thomas Carlyle anabwereka mnzake John Stuart Mill gawo loyamba la buku lake lonena za kuukira boma kwa anthu a ku France, lolembedwa pamanja, lopanda kope lina. Wantchito wa m'nyumba analiyesa mapepala achabe, nalitentha. Ntchito ya miyezi yambiri inasanduka phulusa. Carlyle, ngakhale anali wosauka, sanamukalipire mnzakeyo, koma anayesetsa kumubisira kukula kwa chisoni chake. Pa mapaundi 200 amene Mill anafuna kumupepesa nawo, analandirapo 100 okha. Anakhalanso pansi nalemba kachiwiri, ndipo bukulo linatuluka m'chaka cha 1837.

Taonani, abale: moto unadya mapepala, koma sunadye chimene Carlyle anadziwa, ngakhalenso ubwenzi wawo. Ambiri a ife makina akatigwiritsa mwala timataya zinthu ziwiri, ntchito ndi mtendere. Timakalipira ana, timanyoza wokonza makina, ndipo sabata yonse timanena kuti sitingalembe chifukwa kompyuta ndi yoipa, chonsecho pensulo ndi pepala zili pa tebulo pomwepo. Apa chida chasanduka pobisalira ulesi.

Chigamulo chathu n'chotere. Wopereka chida ayankhe za chidacho. Mlembi ayankhe za kusamala kwake makina asanafe, ndi za khama lake atafa. Makina okha ndiwo alibe mlandu, pakuti alibe nzeru kapena chifuniro. Madzulo ano, musanagone, sungani pawiri chimene mwalemba lero.