Mfundo zisanu ndi imodzi za m'kabotolo kopopera m'khwapa

Mwezi wa Okutobala ukafika, chigwa cha Shire chimatentha ngati ng'anjo. Wakabaza wa pa Balaka, mayi wogulitsa nsomba pa Liwonde, mwana wasukulu wa ku Ntaja, onse thukuta limakhala kamukamu dzuwa lisanafike pamutu. Pefyumu ndi roll-on za m'sitolo si aliyense angazikwanitse, n'chifukwa chake ena amadzipangira okha mankhwala opopera m'khwapa. Amatenga kapu imodzi ya madzi owiritsa atazizira, n'kusungunulamo theka la supuni yaing'ono ya soda yemwe uja timathira m'therere. Ena amayamba awiritsa masamba ochepa a nimu m'madziwo n'kusefa. Akatero amathira m'kabotolo kopopera. Ntchito yake ndi yochepa, koma ili ndi zotiphunzitsa.

1. Yamba wadziwa gwero la vuto. Thukuta palokha silinunkha kwenikweni. Chimene chimabweretsa fungo ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala pakhungu. Tizilomboti timadya mafuta otuluka ndi thukuta la m'khwapa, ndipo zimene timasiya ndizo zimanunkha. Mtundu umenewu wa thukuta umayamba munthu akatha msinkhu, n'chifukwa chake mwana wamng'ono amasewera tsiku lonse koma osamveka fungo lotere. Wodziwa izi salimbana ndi thukuta, limene ndi loziziritsa thupi, amalimbana ndi tizilomboto. M'banja ndi pantchito namonso, ambiri timataya mphamvu pa chimene chikuoneka, chimene chayambitsa mkangano tachisiya.

2. Chonunkhira sichilowa m'malo mwa madzi ndi sopo. Ukapopera pathupi losasamba, kapena pamalaya a dzulo, mafungo awiriwo amasakanikirana, ndipo amene wakhala naye pafupi m'minibasi ya ku Mangochi ndiye amazunzika. Mankhwalawa amagwira ntchito pakhungu losamba ndi louma. Abale athu achisilamu, omwe ndi ambiri ku Machinga, amasamba thupi lonse Lachisanu asanapite ku mzikiti, kenako ndi pamene amadzola zonunkhira. Dongosolo lake ndi lomwelo pa khalidwe: kupepesa ndi kubweza chimene unalanda kumayamba, mawu okoma amabwera pambuyo.

3. Chachilengedwe nacho chimapweteka. Anthu amaganiza kuti chilichonse chochokera kumunda kapena kukhitchini n'chofatsa. Si choncho. Khungu lathu lili ndi kuwawasa kwake pang'ono kumene kumaliteteza, ndipo soda akachuluka amakuchotsa, khungu n'kuyamba kuyabwa ndi kufiira. Chidulo cha phulusa ndiye chisayandikire n'komwe m'khwapa. Ndimu amene ambiri amapaka amaluma ukangometa kumene, ndipo madzi ake akakhala pakhungu loombedwa ndi dzuwa amatha kuwaula ndi kusiya zipsera zakuda. Yesa kaye pang'ono pamkono, udikire tsiku limodzi. Kukayabwa, siya. Chinthu chiyesedwe ndi zimene chikuchita, osati ndi dzina labwino la kumene chachokera.

4. Chotengera chimatha kuipitsa chabwino. Balaka ndi dera la thonje, ndipo m'makomo ambiri muli mabotolo amene munali mankhwala ophera mbozi. Botolo lotere, ngakhale ulitsuke kangati, lisagwiritsidwe ntchito pa chinthu chopita pathupi, chifukwa ena mwa mankhwala amenewa amalowa kudzera pakhungu, ndipo la m'khwapa ndi lopyapyala. Bola kupaka ndi kansalu koyera kusiyana ndi kupopera ndi botolo losadziwika mbiri yake. Uphungu nawo umatero. Ungakhale woona, koma ukautengera mumtima wa nsanje, umafika kwa mnzako uli ndi poizoni.

5. Panga zokwanira masiku ochepa. Za m'sitolo zimakhalitsa chifukwa amaikamo mankhwala oteteza kuti zisawonongeke. Madzi a nimu alibe zimenezo, ndipo pa kutentha kwa ku Liwonde sachedwa kusasa. Akasintha fungo kapena mtundu, taya. Dziwanso malire a chimene wapanga: chimachepetsa fungo, koma sichitseka thukuta ngati zija za m'sitolo zokhala ndi mchere wa aluminiyamu. Mankhwala oyamba otchuka ogulitsidwa pofuna kuthetsa fungo la m'khwapa, otchedwa Mum, anatuluka ku Philadelphia m'chaka cha 1888, koma makolo athu anali akusamba kalekale izi zisanabwere. Ukhondo sumasungidwa m'nkhokwe. Wa dzulo unathera dzulo, ndipo ulemu ndi kukhulupirika nazo zimafuna kuyambiranso m'mawa uliwonse.

6. Uza mnzako mwachinsinsi. Mphuno imazolowera fungo la mwini wake, choncho amene akununkha nthawi zambiri sadziwa. Anzake amangosuntha pabenchi, kugwira mphuno, kenako n'kukaseka kumbali. Mtsikana wa sitandade 7 amene thupi layamba kusintha akhoza kudana ndi sukulu chifukwa cha kuseka kotereku. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mayi, azakhali, malume kapena mphunzitsi amuitane payekha, amuuze kuti zimachitikira aliyense, amupatse sopo ndi kumuonetsa kapangidwe ka mankhwalawa. Ndipo wakabaza amene wakukweza kuchoka ku siteshoni dzuwa lili phwee, thukuta lake ndi limene lakufikitsa kwanu. Usamugwirire mphuno. Mulipire bwino, kuti pa ndalama ya ufa patsaleko ya sopo.