Kodi Tiri ndi Mangawa kwa Citsulo Cakale?

Kwa ife a kuno ku Kachebere, m'malire a Mchinji, nyanja iri kutali. Citsulo cacikuru cimene tidziwa ndico njanji imene inafika ku Mchinji m'caka ca 1980. Koma funso limene ndifuna kuti tilingalire linandidzera pomva mbiri ya sitima ya pamadzi, ndipo likhudza wa kumtunda ndi wa kugombe yemwe. Funsolo nali: kodi nkoyenera kuti munthu apereke mphamvu zace kwaulere pokonzanso citsulo cimene cinatha nchito, pamene amoyo ali m'kusowa?

Sitimayo ndiyo Chauncy Maples. Inasulidwa ku Glasgow m'caka ca 1899, nichedwa dzina la Bishopu wa Mishoni ya ku Likoma amene anamira m'nyanja m'caka ca 1895. Inadza m'zidutswa 3,481, kulowera ku Chinde, kukwera Zambezi ndi Shire. Pa mathithi, pamene ngalawa siziyenda, katundu anakwera pamitu ya anthu. Koma mphika wace wowiritsira madzi a nthunzi, wolemera matani 11, sunatheke kuugawa. Amuna 450 Acingoni anaukoka pamtunda ndi zingwe. Owerenga inu, tayesani kuwaona amunawo: dzuwa liri paliwombo, zingwe zatupitsa zikhatho, ndipo cinthu cimene akokaco sanacionepo cikugwira nchito.

Sitimayo inayamba kuyandama m'caka ca 1901, nikhala sukulu, nyumba ya mapemphero ndi pothandizira odwala a m'mphepete mwa nyanja. Mishoni inaigulitsa ku boma m'caka ca 1953. Itatumikira zaka zina zambiri, inaimitsidwa padoko la Monkey Bay, dzimbiri niyamba kuidya. M'caka ca 2009 bungwe la Chauncy Maples Malawi Trust linayamba kusonkha ndalama kuti iyo isanduke cipatala coyenda pamadzi. Ambiri anapereka mwaufulu, koma nchitoyo sinafike pamapeto pace.

Tsono wotsutsa adzati, "Mwaonatu! Ndalamazo zikadagula mankhwala, kapena bwato latsopano." Mau awa sindiwapeputsa. Mai amene mwana wace watentha thupi ku mudzi wopanda mseu safuna mbiri. Afuna sing'anga afike lero. Ndipo ndiyesa kuti pamenepa panali cobvuta: nchito ziwiri, kusunga cakale ndi kuciritsa odwala, zinamangidwa mtolo umodzi, ndipo umene unalemera unagwetsa zonse.

Komabe sindibvomera kuti wopala dzimbiri pa citsulo cotere ataya nthawi. Ena amati sitimayo nja Azungu, iwo aisamale. Nja Azungu bwanji? Anaisula ndi iwo, inde. Koma anaisenza ndani? Mabuku achula dzina la Bishopu ndi la mzinda umene inacokera, koma amuna 450 aja angowawerenga monga mwini khola awerengera mbuzi. Alibe ciriza. Cotsala cimene cicitira umboni thukuta lao ndico citsulo comweco. Cikaphwanyidwa ndi kugulitsidwa pa sikelo, mwana wa mawa adzakhulupirira kuti makolo ace anangoima cabe poyang'ana pamene alendo anali kumanga dziko.

Za kugwira nchito kwaulere, pali cifukwa cace cimene anthu athu amacitira manyazi. Liu lakuti thangata poyamba linali labwino, kuthandizana. Eni minda yaikuru analisandutsa goli, kotero kuti kufikira lero nchito yopanda malipiro inunkha ukapolo. Koma makolo athu anadziwanso nchito ina yopanda malipiro. Pofika nthawi yolambula kumanda, mfumu ingoitana, ndipo mudzi wonse utenga makasu. Palibe afunsa kuti, "Ndidzalandira zingati?" Palibenso anena kuti akufa sadya nsima, tiyeni tikalime cimanga. Amalima cimanga masiku ace, nalambula manda tsiku lace, ndipo sasokoneza ziwirizi.

Momwemo mmisiri wa ku Monkey Bay akapatula Loweruka lace kukapala dzimbiri, asalonjeze odwala kuti akuwamangira cipatala. Anene poyera kuti akukalambula manda a osenza aja, natenge mwana wace, akamuonetse misomali imene inalumikiza zidutswazo, cimodzi cimodzi.