Tulo ta Katapila

Mwezi wa Okutobala ku Chigwa cha Shire, dzuwa limalowa lokha, kutentha n'kutsala. Kumatsalira m'zipupa, m'malata ndi pamphasa. Masana kumapitirira madigiri 40, ndipo usiku munthu umangotembenuka ngati mlamba wowambidwa. Ukati ukagone pabwalo, upeza udzudzu wa m'dambo wakudikira kale.

Malume anga amakhala chakufupi ndi Makhanga, m'mphepete mwa dambo limene pamapu analemba kuti Elephant Marsh. Ndi msodzi, komanso ali ndi dimba la chimanga ndi mbatata. Nditapita kukawaona chaka chitatha namondwe wa Freddy, usiku woyamba ndinamva fungo limene aliyense wokulira m'Malawi amalidziwa. Ndinawapeza atakhala pachitsa kuseri kwa nkhokwe.

"Malume, nanunso mwayamba fodya wamkulu?"

"Iwe mphwanga, ukufuna ndizigona bwanji? Chiyambire madzi aja, ndikangotseka maso ndimamva mtsinje ukubwera. Ndikakoka kawiri katatu, basi ndapita."

Munthu wopita kusukulu amakhala ndi yankho pafupi, ndipo langa linali pakamwa kale: chamba chimapengetsa. Ndinalimeza. Malumewo ndi bambo wa zaka zoposa 50, sanapengepo, ndipo sanali kunama. Chamba chimagonetsadi. Amene akufuna kutsutsana nawo ayambe wavomereza zimenezo, kupanda apo akungolalikira.

Fodyayu si wa dzulo, ndipo sanabwere ndi anyamata a nyimbo za rege monga amaganizira ena. David Livingstone, yemwe anadutsa m'dambo lino mu 1859 n'kuona njovu pafupifupi 800 zimene zinapatsa malowa dzina, analembanso za Amakololo osuta chamba, chimene iwo ankachitcha matokwane. Ena mwa Amakololowo ndiwo anatsala kuno n'kukhala mafumu a ku Chikwawa, a Kasisi, a Katunga, a Maseya. Kwawo kwa Livingstone nakonso madokotala ankachigwiritsa ntchito: mu 1890 John Russell Reynolds, sing'anga wa m'nyumba ya Mfumukazi Victoria, analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kuti chimathandiza okalamba osowa tulo. Mu 2017 bungwe lalikulu la akatswiri a sayansi ku America, litasanthula kafukufuku wambirimbiri, linapeza umboni wapakatikati woti mankhwala ochokera ku chamba amathandiza tulo kwa kanthawi kochepa mwa anthu ena, monga amene amamva ululu wosatha m'thupi.

Mawu oti "kwa kanthawi kochepa" ndi amene ndimakanganirana ndi malume.

Aliyense wa kumudzi amamudziwa katapila. Umatenga ndalama lero, mavuto a lero n'kutha, ndipo wobwereketsayo amakumwetulira. Pakutha pa mwezi ubweza ndi chiwongoladzanja, ndipo kuti ubweze ukongolanso. Chamba chimachita chimodzimodzi ndi tulo. Muli mankhwala otchedwa THC, omwe ndi amene amaledzeretsa. Masiku oyamba amafupikitsa nthawi imene munthu amatenga kuti agone. Koma tulo si chinthu chimodzi chokha. Usiku umodzi ubongo umadutsa m'magawo angapo, ndipo gawo limodzi ndi la maloto, limene akatswiri amalitcha REM. THC imachepetsa gawo limeneli. N'chifukwa chake osuta ambiri amati salota, ndipo kwa munthu amene amalota madzi atafika m'khosi, kusalota kumamveka ngati kuchira. Pakapita masabata thupi limazolowera. Kukoka kawiri kuja kumasanduka ndudu yathunthu, kenako ziwiri. Tsiku limene fodya wasowa, kapena munthu waganiza zosiya, ngongole yonse imabwera pamodzi: tulo timathawa, mtima umapsa msanga, chakudya sichikoma, ndipo maloto aja amabwerera ali owala ndi oopsa kuposa kale. Zimenezi zimatha kutenga masabata. Wosutayo amaona ngati ndi umboni woti popanda chamba sangagone, chonsecho mbali yaikulu ya kusowa tulo kumeneko yabwera ndi chambacho.

Si onse amene amakodwa. Ofufuza amati mwa anthu 10 oyamba kusuta, pafupifupi mmodzi amafika polephera kusiya, ndipo mwa oyamba akadali achinyamata ndi mmodzi mwa 6. Koma wosuta kuti agone sasuta pa Khirisimasi pokha. Amasuta usiku uliwonse, ndipo wa tsiku ndi tsiku ndiye ali pangozi yaikulu. Kafukufuku wa mu 2019 wochitika m'madera 11 a ku Ulaya ndi ku Brazil anapeza kuti osuta tsiku lililonse ankadwala matenda osokonezeka mutu kuwirikiza pafupifupi katatu poyerekeza ndi osasuta, ndipo osuta chamba champhamvu kwambiri tsiku lililonse, pafupifupi kasanu. Chathu cha kuno, chimene azungu anachipatsa dzina loti Malawi Gold, chinatchuka chifukwa cha mphamvu, ndipo ochikonda amachitamanda kuti chimachangamutsa, osati kugonetsa. Ogwira ntchito pachipatala cha amisala ku Zomba nkhani ya chamba amaidziwa bwino kuposa ine. Sindikuti malume adzapenga. Ndikuti mwana wawo wa zaka 17, amene amawaona kuseri kwa nkhokwe, ali ndi ubongo umene ukukulabe.

Komabe chimene chimandivuta kwambiri si ngoziyo. Ndi funso limene palibe anawafunsa malume: chikukulepheretsani kugona n'chiyani?

Mayankho ake ali poyera. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Ruo unasefukira n'kumiza midzi ya ku Makhanga, anthu ena anapulumukira m'mitengo. Mu Malichi 2019 kunagwa mvula yoopsa ya mphepo imene inadzasanduka namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 kunabwera Ana, mu Malichi 2023 Freddy. Kanayi m'zaka zosakwana 10. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo amene amakhala m'khwawamo nayenso saiwala madzi. Munthu wonyamulapo ana mumdima madzi ali m'chiuno, thupi lake limaphunzira kugona khutu limodzi lili panja. Mvula ikangogunda malata, mtima uli thithithi. Kumeneko si kufooka kwa mutu. Ndi mlonda amene anagwirapo ntchito yake bwino ndipo sakudziwa kuti aweruke liti. Chamba chimamuledzeretsa mlondayo. Ndipo pamalo pamene mvula yogwa ku Mulanje ndi ku Thyolo imatha kufika pakhomo pako pakati pa usiku kwanu kusanadonthe n'komwe, tulo tofa nato si mwayi nthawi zonse.

Onjezanipo za tsiku ndi tsiku. Chimanga chikayamba kukhwima m'dimba, mvuu zimatuluka usiku, ndiye mwini wake amakachezera pamsasa akuguguda zitini. Msodzi amapalasa bwato nthawi imene ena ali m'tulo, ng'ona zili m'maganizo, n'kudzagona masana dzuwa likuswa mtengo. Msana umawawa. Chaka cha njala anthu amalowa m'madzi omwewo kukazula nyika, ndipo m'mimba mopanda kanthu simugonetsa munthu. Malungo nawo salekeza. Tulo ta munthu wotere tathyokathyoka pazifukwa zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe chimodzi mwa izo chimene utsi ungachotse.

Boma nalo lili ndi pakamwa pawiri pankhaniyi. Mu Febuluwale 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ndipo kunakhazikitsidwa bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Chiphaso cholimira chamba cha mankhwala anachiika pa madola 10,000 a ku America, ndalama imene msodzi wa ku Chiromo sadzaigwirapo. Mu 2021 unduna wa zaulimi unafika polembera Mike Tyson kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi. Koma kusuta kunakhalabe mlandu. Choncho mbewu yomweyo ndi mankhwala ikakhala m'munda wa kampani, ndi mlandu ikapezeka m'thumba mwa malume. Anthu a kumudzi anamva theka la uthengawo pawailesi, lakuti boma lati chamba ndi mankhwala, ndipo ndani angawadzudzule? Theka linalo silinafike: mankhwala amakhala ndi muyeso wodziwika, matenda ake enieni, ndi wina wokuyang'anira. Chokulungidwa m'makungwa a nthochi, chogula kwa mnyamata wa pamsika, sudziwa mphamvu yake lero kapena mawa. Kumanga wosowa tulo sikumugonetsa, koma kumuuza kuti akudzichiza nakonso n'kumunamiza.

Nanga apite kuti? Malume anayesapo chipatala china chaching'ono. Anaima pamzere theka la tsiku, anayezedwa malungo, anapatsidwa panado, n'kubwerera. Wowaonayo sindimuimba mlandu, anali ndi anthu ochuluka panja. Mapiritsi ogonetsa monga diazepam nawonso ndi katapila wovala jekete loyera. Chimene madokotala m'mayiko ambiri amalangiza poyamba pa kusowa tulo kokhalitsa si mankhwala akumwa ayi, koma uphungu wophunzitsa munthu kagonedwe ndi kamasulidwe ka maganizo omuzinga usiku. Zingamveke ngati za ku London, koma ku Harare dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi ndi anthu oganiza kwambiri n'kumasula nawo mavuto limodzi limodzi, ndipo njirayi inayesedwanso kuno ku Malawi. Madzi akasefukira timatumiza ufa, matenti ndi zidebe. Benchi imodzi pamsasa uliwonse, yokhala ndi munthu wophunzitsidwa kumvetsera, sindiona kuti ingadule kuposa tenti.

Usiku wanga womaliza ndinawauza malume zonsezi, za katapila, za maloto, za mwana wawo. Anamvetsera mwaulemu monga amachitira akuluakulu mwana wa sukulu akamalankhula. Kenako ndinaona kuti pamwamba pa mphasa yawo palibe chopachika.

"Nanga neti ija munalandira ili kuti, malume?"

Analoza ndi mlomo kumadzi. Ukonde weniweni unapita ndi Freddy, ndipo watsopano sanaukwanitse. Neti ya udzudzu inali m'bwato, ikununkha nsomba.

"Ndikagona mu neti, mawa tidya chiyani?" anatero, akudzimenya pakhosi pamene panatera udzudzu.

Nditabwerera ku Blantyre ndinawatumizira ndalama ya ukonde. Neti inabwerera m'nyumba. Za fodya uja amati achepetsa, ndipo mvula ikagunda malata amadzukabe.