Asananyamuke



Kunja kudakali mbuu. Ku Chileka, woyendetsa ndege wakhala kale pansi, tiyi akuzirala pambali, maso ali pa kamzere kamodzi kotchedwa METAR. Kamzereka kamanena za pompano: mphepo ikuchokera kuti, mitambo yatsika motani, maso angaone patali bwanji. Akatero amatenga TAF, yolosera za maola akubwerawa kumene akupitako.

Amawerenga zonse ziwiri, mosathamanga. Ku Chileka dzuwa likhoza kuwala bwinobwino, pomwe ku Johannesburg nkhungu yaphimba bwalo. Ndiye amaonjezera mafuta, nasankhiratu bwalo lina lokatera zikavuta. Si mantha ayi. Ndi ntchito chabe ya m'mamawa.

Inunso musanatseke chitseko, tasuzumirani kumwamba. Chiperoni chikaoneka kuphiri, tengani juzi.