Ngalande Yopita ku Nyumba Yakumapeto

Pali kamzere kena m'busa la nkhosa kamene ndimakaona m'mawa uliwonse ndikamapita kuntchito, ndipo masiku ano ndikumakaganizira ngakhale nditagona. Munthu wongodutsa sangakazindikire. Udzu unamerapo kalekale, nkhosa zimadyapo ngati pena paliponse, koma dzuwa likangotuluka kumene, kuwala kwake kukugwa cham'mbali, pamaoneka pang'ono pomwe nthaka inang'ambidwa n'kubwezeredwa, kuchokera pampanda wa miyala wa m'mbali mwa msewu, kutsetsereka mpaka kukhwawa, kukweranso tsidya linalo, kukathera pakhoma la nyumba ya gogo amene ndimawasamalira. Kupitirira nyumba imeneyo kulibenso ina. Kwangotsala phiri, mphepo ndi nkhosa.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno kumpoto kwa England, m'chigwa cha mtsinje wa Lune, kufupi ndi mzinda wa Lancaster. Pansi pa kamzere kaja pagona kapaipi kosaposa chala changa, ndipo m'kati mwake muli ulusi wagalasi wowonda ngati tsitsi, umene amautcha faiba. Mu ulusiwo mumayenda kuwala, ndipo kuwalako n'kumene kumanyamula mawu ndi nkhope za anthu. Madzulo gogo amaimika tabuleti yawo patebulo n'kuyamba kucheza ndi mdzukulu wawo amene ali kutsidya la nyanja, mawu osadukaduka, nkhope yosaima, ngati mwanayo wakhala pampando wina uja. Ine ndimakhala ndikutsuka mbale, kumvetsera kuseka kwawo, ndipo nthawi zina manja anga amangoima m'madzi.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti ndi kampani iti inalolera kukumba mtunda wonsewu chifukwa cha nkhalamba imodzi. Anandiuza kuti sinali kampani ayi. Anali anansi awo: mlimi wa famu yoyandikana nayo ndi thirakitala yake, mphunzitsi wina wopuma ntchito ndi fosholo, amayi ena amene gawo lawo linali kubweretsa tiyi kwa okumbawo mvula ikuwaza. Ena mwa iwo anatisiya kale.

Bungwe lawo limatchedwa Broadband for the Rural North, koma aliyense amangoti B4RN, dzina limene likatchulidwa limamveka ngati mawu awo otanthauza nyumba yosungiramo udzu wa ziweto. Linakhazikitsidwa mu 2011, ndipo khasu loyamba linagwa mu 2012 m'mudzi wa Quernmore. Makampani akuluakulu a matelefoni anali atawerengera n'kuona kuti midzi ya m'mapiri muno ilibe phindu, pakuti nyumba n'zotalikirana, kukumba m'misewu n'kodula, ndipo waya wakale wamkuwa umafooka mtunda ukamatalika, moti wokhala kutali ankadikira mpaka kutopa kuti tsamba limodzi litseguke, pamene mafomu a boma okhudza minda ndi ziweto anali atayamba kusamukira pa intaneti. Sindiwaweruza makampaniwo. Masamu awo sanalakwe. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti m'chigwa chomwechi munapezeka anthu amene anawerengera mwamtundu wina.

Mmodzi wa iwo ndi mayi Chris Conder, mkazi wa mlimi. Mu 2009 mitengo inakula n'kutchinga njira ya netiweki yopita ku famu ya anansi awo, ndipo mayiwa anagula chingwe cha faiba chotalika kilomita imodzi, n'kutenga thirakitala ya pafamu n'kukumba ngalande. Wina ndi bambo Barry Forde, amene anagwirapo ntchito ya manetiweki ku Lancaster University, ndipo ndi amene anajambula mmene zingwe ziyendere. Onse awiri analandira ulemu wa MBE mu 2015. Koma maganizo anga sakhalitsa pa ulemuwo. Amabwerera ku thirakitala ija, kwa mzimayi amene anaona vuto la pakhomo pa mnzake n'kupita kukaliza injini.

Ndalama zoyambira zinachokera m'matumba mwa anthu omwewo. Malamulo a kuno amalola mtundu wa bungwe limene phindu lake siligawidwa kwa eni masheya ngati mmene zimakhalira pakampani, koma limabwerera kwa anthu a m'deralo. Choncho anthu anagula masheya, kuyambira a mapaundi 100, ena anabwereketsa zimene anasunga, ndipo amene anali ndi mphamvu m'manja ankakumba n'kulipidwa masheya m'malo mwa ndalama. Alimi analola kuti zingwe zidutse m'minda mwawo osalipiritsa kanthu, ndipo apa m'pamene panagona mphamvu ya ntchito yonse, chifukwa kung'amba dothi ndi pulawo ya thirakitala n'kotchipa kutalitali poyerekeza ndi kuswa phula. Akakwirira kapaipi, ulusi uja amachita kuwuuzira m'katimo ndi mpweya wa makina. Pambuyo pake boma linadzathandizako ndi makuponi, ndipo ntchitoyi inafalikira ku Cumbria, ku Yorkshire, ku Northumberland mpaka ku Norfolk. Masiku oyambawo banja linkapereka mapaundi 150 polumikiza ndi mapaundi 30 pamwezi, n'kulandira liwiro la megabiti 1,000 pa sekondi, potumiza ndi polandira pomwe, liwiro limene anthu ambiri a ku London panthawiyo analibe.

Zonsezi n'zabwino kuzidziwa, koma pali lamulo lawo limodzi limene limandisowetsa tulo. Mudzi ukavomera kulowa, mapulani amajambulidwa kuti nyumba iliyonse ya m'deralo ifikiridwe, ndipo mtengo ndi umodzi. Wokhala pafupi ndi tchalitchi, amene ngalande yake ndi mapazi owerengeka, amalipira chimodzimodzi ndi gogo wanga amene ngalande yake inadya masiku ndi mafuta a thirakitala. Ndiye kuti apafupi akusenza akutali, mwezi ndi mwezi, mwakachetechete, mwina osakumbukiranso kuti akusenza munthu. Ndili mwana ku Sande sukulu ndinkamva fanizo la mbusa amene anasiya gulu lonse n'kukasaka nkhosa imodzi, ndipo ndinkalitenga ngati nthano yokoma yotigonetsa. Tsopano ndikukhala pakati pa abusa enieni, anthu amene chipale chofewa chikagwa amakwera phiri usiku chifukwa chiwerengero chaperewera ndi imodzi, ndipo ndimadzifunsa ngati si chifukwa chake masamu a nyumba yakumapeto sanawavute. Mwina anazolowera kuwerenga kuyambira kwa imene yasowa.

Ndikafika apa mtima wanga umawoloka nyanja wokha, osandipempha.

Amayi anga amakhala kwathu ku Chingale, kuseri kwa phiri la Zomba, ndipo nawonso nyumba yawo ili kumapeto kwa mudzi. Kuti tilankhulane amayenera kutchajitsa foni kwa mnansi amene ali ndi sola, kutuma mwana akagule bandulo, kenako kuchoka pakhomo, kudutsa m'munda wa nandolo, n'kukakwera pachulu china pomwe netiweki imagwirako. Maondo awo anayamba kuvuta. Ndikaimba ndimayamba ndi funso lomwelomwelo: "Amayi, mukundimva?" Iwo amati, "Ndikukumva mwanawanga, lankhula msanga, bandulo yatsala pang'ono." Ndiye ndimalankhula msanga, za mankhwala, za feteleza, za fizi ya mwana wa achimwene, ndipo zimene ndimafunadi kunena, zimene zimafuna kuti munthu ayambe wakhala chete kaye, zimatsala m'kamwa. Nkhope yawo imaima pakati pa mawu, pakamwa pali yasa, kenako imazimiririka. Papita nthawi ndisanawaone akuseka mpaka kumaliza.

Komatu amayi omwewa anakula akumwa madzi a pampopi amene makolo awo anakumbira okha ngalande. Mu 1968 ku Chingale kunayambika ntchito yotsitsa madzi kuchokera kuphiri kudzera m'mapaipi, popanda injini, madzi akungotsetsereka okha. Boma ndi othandiza ankabweretsa mapaipi ndi amisiri, anthu n'kukumba, mudzi uliwonse gawo lake, ndipo njira imeneyi inadzafalikira ku Mulanje ndi madera ena. Agogo anga aamuna anakumba nawo. Choncho ndikayang'ana kamzere ka m'busa muja sindiona chinthu chachilendo. Ndimaona ntchito imene kwathu tinaidziwa kale, dima la anthu amene agwirizana kuti chabwino chimene chili kutali achikokere pakhomo ndi makasu awo.

Koma pali mawu ena amene amandiletsa kusangalala msanga, mawu akuti thangata. Poyamba kuthangata kunali kuthandizana basi, lero m'munda mwanga, mawa mwanu. M'minda ya atsamunda ya ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu mawu omwewo anasanduka ntchito yokakamiza, chimodzi mwa zimene zinawawitsa mtima wa John Chilembwe kufikira 1915. Kuchokera pamenepo khutu lathu limachenjera likamva wina akuti anthu akumudzi adzipereke. Wa m'tauni sakumba, amangopeza mpopi uli m'nyumba. Saumba njerwa kuti mwana wake apeze kalasi. Nanga bwanji nthawi zonse ndi wakumudzi amene amauzidwa kuti chitukuko chili m'manja mwake? Ndimadzifunsa pamaso pa Mulungu ngati kuyamikira kwanga anthu a m'chigwa muno sikukuphimba kupanda chilungamo kumene kunawagwiritsa fosholo atakalamba, pamene anzawo a m'mizinda anangoimba foni n'kulumikizidwa. Yankho lokhalo limene limandikhazika mtima pang'ono n'lakuti chimene anakumbacho ndi chawo. Palibe bwana amene anadzakolola pamsana pawo. Mwina kusiyana kwa dima ndi thangata kwagona pomwepo, pa funso lakuti thukuta likauma, chinthucho n'chayani. Komabe funso lija silinandichoke lonse, ndipo ndaganiza zongolisiya likhale nane.

Palinso china chimene sindingachibise. Anthu a kuno anali ndi mapaundi 100 aja. Anali ndi mathirakitala, magetsi m'nyumba, ndi katswiri wa zingwe m'dera lawo lomwe. Kwathu makasu alipo, manja alipo, mafumu oitanitsa anthu alipo, koma ulusi wagalasi sulimidwa kudimba. Umagulidwa kunja ndi madola, pamodzi ndi makina ake ndi mabatire ake. Apa ndi pamene ndalama za mabungwe osafuna phindu zimakhala ngati mapaipi aja a 1968, chinthu chimene mudzi sungapange wokha koma ungachikwirire ndi kuchisamala. Ku Mankosi, mudzi wa ku Eastern Cape m'dziko la South Africa, anthu anagwirizana ndi University of the Western Cape kuyambira 2012 n'kumanga netiweki yawoyawo yoyendera sola, imene anaitcha Zenzeleni, kutanthauza kuti dzichitireni nokha m'Chixhosa. Nawonso sanayambe okha, panali owagwira dzanja, koma umwini unatsala m'mudzi. Ndikakumbukira zimenezi ndimapuma bwinoko.

Chimene ndimaopa ndi kawerengedwe ka opereka ndalama. Amene wapereka amafuna lipoti, ndipo lipoti limakoma likakhala ndi chiwerengero chachikulu cha anthu ofikiridwa. Ndalama yomweyo imafikira anthu ambiri pamsika, pasukulu, pomwe nyumba zathithikana, ndipo nyumba yakumapeto imaononga masamu, chifukwa imadya zambiri n'kuonjezera munthu mmodzi yekha, nthawi zambiri nkhalamba, kapena wolumala, kapena mayi wamasiye amene sabwera kumisonkhano. Sindiwanena anthu a m'maofesiwo, pakuti ambiri ndi a mtima wabwino ndipo ndalama zawo n'zoperewera. Inenso ndikamatumiza kangachepe kumudzi ndimayambira kwa amene ali pafupi ndi mtima wanga, ndipo pali azakhali ena a tsidya la mtsinje amene ndimawakumbukira zitatha. Ndiye ndikamapempha kuti mabungwe aziyamba kujambula mapu awo kuchokera kunyumba yakutali, ndimadziwa kuti pempholo likundikhudzanso ine.

Ndikudziwa kuti walira mvula walira matope. Ulusi womwe umabweretsa nkhope ya mdzukulu umabweretsanso juga, mabodza ndi akuba a pafoni, ndipo gogo wanga ndamuletsapo kangapo kuyankha mauthenga a anthu ofuna nambala za kubanki. Koma sindinamvepo munthu wokhala ndi intaneti m'nyumba akunena kuti aichotse kuti atetezeke. Nkhawa imeneyi timakonda kuisungira anthu amene alibe.

Ambuye, Inu mukudziwa kuti sindikupempha liwiro la megabiti 1,000 kuseri kwa phiri la Zomba. Ndikungolakalaka kuti tsiku lina amayi anga adzakhale pamphasa pakhonde pawo, miyendo atatambasula, foni ataitsamiritsa pamtondo, n'kundiuza pang'onopang'ono za amene wabadwa ndi amene wamwalira, za mbuzi imene yaswa, mpaka nkhani zithe zokha, tonse n'kukhala chete kwa kanthawi popanda wina kuopa kuti bandulo ikutha. Chete ameneyo ndi amene ndimamva m'nyumba ya gogo madzulo, mdzukulu akulemba homuweki tsidya la nyanja, iwo akuluka, osalankhulana, koma ali limodzi.

Mawa m'mawa ndidzadutsanso pampanda wa miyala uja, ndipo kukacha bwino kamzere kadzaoneka. Lamulungu masana ndidzawaimbira amayi. Mvula yayamba kwathu, ndipo chulu chija chikumaterera.