Musanagule njinga, yambani mwawerengera

Ana anga, ambiri a inu mukangoyamba ntchito maso amathamangira pa njinga yamoto. Mwatopa ndi kulimbirana mpando m'minibasi, mtengo wake nkumangokwera, ndiye mnzanu akadutsa pa Lifo kapena Boxer mtima sukhalanso m'malo. Takhalani pansi timvane.

Ndalama yogulira ndi chiyambi chabe. Njinga yamoto ili ngati chiweto cha m'khola: imafuna kudya kaya mwalandira kaya simunalandire. Petulo ndi wa tsiku ndi tsiku, pakapita kanthawi oyilo afunika kusintha, kenako pulagi, tcheni, matayala. Zonsezi zimachokera kunja, zimagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe dziko lathu limasowa kawirikawiri. Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zipangizo idakwera nthawi yomweyo. Kodi malipiro adakwera choncho? Mafuta atasowa mu 2022 ndi mu 2024, anthu ankagona pamizere, ena nkumagula a m'zigubu pamtengo woboola m'thumba. Masiku amenewo wa njinga yakapalasa ankafika kuntchito pa nthawi yake.

Onjezerani za boma: laisensi, kulembetsa njingayo ku Road Traffic kuti ikhale ndi nambala, inshuwalansi, chisoti chanu ndi cha amene mwamukweza. Ambiri amazemba zimenezi, nkumayenda mwamantha, kuthawa apolisi podzera m'tinjira. Inu musatero. Chisoti makamaka, ndikukupemphani. Pitani tsiku lina mukazonde odwala ku Kamuzu Central kapena ku Queens, mukaone anyamata othyoka miyendo ndi ovulala m'mutu pangozi za njinga zamoto. Ambiri ndi a msinkhu wanu, ana awo akadali aang'ono, ndipo miyezi imene agone m'chipatala palibe wobweretsa ufa pakhomo. Zimenezi zimandiwawa mtima.

Yakapalasa imafuna zochepa. Chubu chikabooka, wokonza ali pansi pa mtengo pamsika uliwonse, amata kachigamba, apopa, ulendo. Sipoko ikaduka, buleki ikatha, ndalama yake ndi yochepa, mwinanso mukonza nokha Loweruka masana. Ngati mumakhala kumalo a chidikha ngati Salima, Mchinji kapena Kasungu, kapena mumachoka ku Area 25 kupita ku Kanengo, palibe chifukwa chowotchera petulo. Makilomita 10 munthu wabwinobwino amapalasa osatha ola. Gulani yolimba, yokhala ndi kaliyala yoti itha kunyamula thumba la chimanga, monga za Buffalo zija. Inde thukuta mudzatuluka, mvula idzakunyowetsani. Nyamulani malaya ena m'chikwama, nyamukani kusanatenthe. Chenjerani ndi magalimoto chifukwa misewu yathu yambiri ilibe mpata wa apanjinga, ikani nyali ndi zonyezimira, ndipo loko isakusoweni.

Sindikudana ndi njinga yamoto ayi. Mtunda ukaposa makilomita 20, kapena kwanu kuli zitunda ngati za ku Blantyre ndi ku Thyolo, kupalasa m'mawa ndi madzulo kudzakuthetsani mphamvu ntchito musanaigwire. Mlangizi wa zaulimi woyendera midzi yambiri, kapena wageni wopikula katundu kutali, ameneyo yamoto imamuyenera, pakuti imabweza yokha zimene yadya.

Koma ndimamvanso ena akuti, ndikongola ndalama, madzulo ndizichita kabaza kuti ndibweze. Tayang'anani pasiteji iliyonse kuchuluka kwa anzanu amene akudikira wokwera mmodzi. Usiku nakonso ndi pomwe achifwamba amadzionetsa ngati makasitomala, nkulanda njinga, ngongole nkutsala ndi inu. Ya katapila ndiye musayerekeze n'komwe.

Chitani izi: kwa mwezi wathunthu lembani ndalama zimene mumalipira minibasi ndi kabaza. Funsani mwini njinga yamoto wa kwanu komweko kuti petulo, oyilo ndi zokonzetsa zimamudyera zingati pamwezi, ndipo akuuzeni zoona. Ngati kuntchito n'kufupi ndipo njira ndi yosakwera, gulani yakapalasa, ndalama yotsalayo muziika ku banki m'khonde. Yamoto mudzagule ndi ndalama yanuyanu, laisensi ndi chisoti zili kale m'manja.