Chitseko Chopanda Chogwirira Mkati

Malume anga agula kontena. Anandiimbira foni Loweruka m'mawa akuyankhula ngati munthu amene wagula ng'ombe pamtengo wa mbuzi. "Mphwanga, tabwera udzaone. Iwe paja umakonda zinthu za pa intaneti."

Ndinapita. Kontenayo inali kuseri kwa nyumba, pakati pa mtengo wa mapeyala ndi mpanda, yabuluu, dzimbiri lili m'makona, manambala ake akuonekabe m'mbali. Ndi zazifupi zija za mafiti 20, kutanthauza mamita 6 m'litali, ndipo m'lifupi mwake simukwana mamita awiri ndi theka. Malume anatulutsa foni n'kuyamba kundionetsa zithunzi za makontena a ku Ulaya ndi ku America: magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga, khonde lamatabwa, maluwa m'miphika. Ena anawasandutsa ofesi ya kuseri kwa nyumba, ena chipinda cha alendo.

"Ndiye muikamo ofesi, malume?"

"Ofesi ya chiyani? Muzigona mnyamata wantchito uja. Tingoboola kazenera kamodzi, basi zatheka."

Ndinaseka nawo, koma pobwerera m'minibasi nkhaniyi inandikhala pakhosi. Kodi n'kulakwa kugoneka munthu m'bokosi la katundu, pamene anthu andalama zawo akuchita kulipira kuti agone m'bokosi lomwelo?

Tiyambe ndi bokosilo. Kontena sinapangidwire munthu. Mu 1956 Malcom McLean, bambo wa bizinesi ya mathiraki ku America, anakweza makontena 58 pa sitima yotchedwa Ideal X, yomwe inanyamuka ku Newark kupita ku Houston. Cholinga chake chinali chakuti katundu asamatsitsidwe thumba limodzilimodzi padoko, koma bokosi lonse lizichoka pa thiraki kupita pa sitima osatsegulidwa. Nzeru imeneyi inatsitsa mtengo wonyamulira katundu padziko lonse. Makontena amene timawaona kuno atasanduka magolosale, maofesi ndi mosungira simenti anafika ndi katundu kudzera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo ena akakalamba amagulitsidwa m'malo mobwezedwa opanda kanthu.

Ndisawanamizire malume, mbali yawo ili ndi mfundo. Njerwa zowotcha zikutha mitengo, simenti yakwera mtengo, ndipo kontena imafika ili ndi makoma, denga ndi pansi pomwe. Mbava siingaiboole msanga, chiswe sichidya chitsulo. Kunja kuli zitsanzo zenizeni. Ku Amsterdam anamanga Keetwonen, malo ogona ophunzira a makontena pafupifupi 1,000. Ku London kuli Container City pa Trinity Buoy Wharf kuyambira 2001. Ku Johannesburg, m'dera la Maboneng, anamanga nyumba zosanja za Drivelines ndi makontena 140. Ngakhale bwalo lina la mpira wa World Cup ya 2022 ku Qatar linamangidwa ndi makontena 974, n'chifukwa chake ankalitchula kuti Stadium 974. Choncho munthu akati kontena ndi nyumba, sakulota.

Koma zithunzi za pafoni zija sizinena ntchito imene inalowapo. Chitsulo chimatenga kutentha msanga ndipo chimakutayanso msanga. Mu Okutobala masana mkati mwa kontena yosakonzedwa mumakhala ngati mu uvuni, ndipo usiku wa mu Juni mumazizira ngati m'firiji. Mpweya umene munthu amapuma ukagunda chitsulo chozizira umasanduka madontho, denga n'kumachita thukuta, zofunda n'kumanunkha nkhungu. Pofuna kuthana ndi zimenezi pamafunika kumata zinthu zotchinga kutentha m'makoma onse, kuika mazenera oyang'anizana kuti mphepo izidutsa, ndiponso kukhoma denga lina la malata pamwamba pake kuti pakhale mthunzi. Matabwa apansi nthawi zambiri amakhala othiridwa mankhwala ophera tizilombo, moti omanga osamala amawachotsa kapena kuwamata. Mphamvu ya kontena ili m'makona anayi ndi m'makoma ake amakwinyamakwinya, ndiye ukadula khoma kuti uike zenera lalikulu, wowotcherera ayenera kuikapo zitsulo zolimbitsa. Pansi pamafunika timaziko kuti chinyezi chisadye chitsulo. Ukawerengera zonsezi, kutchipa kuja kumayamba kuchepa.

Apa ndi pamene pali nkhani. Wolemera akagula kontena amalipira zonsezi, chifukwa wogonamo ndi iyeyo kapena mlendo amene akufuna kumusangalatsa. Koma tikagulira munthu wina, makamaka amene sangatiyankhe, timagula bokosi lokha n'kuboola kazenera kamodzi. Dzina ndi lomwelo, "nyumba ya kontena", koma wina wapeza nyumba, wina wangosungidwa.

Si kuno kokha. Mu 2019 mkulu woyang'anira ufulu wa ana ku England, Anne Longfield, anatulutsa lipoti losonyeza kuti makhonsolo ena ankaika mabanja osowa pokhala, ana ali momwemo, m'makontena osinthidwa kukhala nyumba. Makolo ankadandaula za kutentha m'chilimwe, kuzizira m'nyengo yachisanu ndi kuchepa kwa malo oti mwana asewere. Dziko lomwelo, bokosi lomwelo: kwina muli ojambula zithunzi amene anachita kusankha okha, kwina muli mayi amene anauzidwa kuti malo ndi amenewa, kwina kulibe.

Sindikunena kuti kontena yopatsidwa ndi yoipa nthawi zonse. Chivomezi cha mu February 2023 chitagwetsa nyumba ku Turkey, anthu ambirimbiri anasamutsidwa m'matenti kupita m'midzi ya makontena, ndipo kwa munthu amene wagona patenti m'chisanu, chimenecho chinali chifundo. Koma chifundo cha pangozi chili ndi vuto lake: zimene timati "zongoyembekezera" zimakonda kukhalitsa, makamaka ngati woyembekezerayo alibe mawu.

Pamene malume ankatseka kontena yawo ndinaona chinthu chimene sindinachiganizirepo. Chitseko cha kontena chili ndi mipiringidzo ndi zogwirira kunja kokha. Mkati mulibe chogwirira. N'zomveka, chifukwa matumba a feteleza safuna kutuluka. Koma tikudziwa zimene zimachitika munthu akalowa m'malo mwa matumbawo. Mu Marichi 2020, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu 64 ochokera ku Ethiopia anapezeka atafa m'kontena ya thiraki imene inachokera kuno ku Malawi. Anasowa mpweya, ndipo analibe njira yotsegulira okha. Sindikuyerekeza malume anga ndi anthu ozembetsa anzawo, ayi ndithu. Ndikungonena kuti bokosili linapangidwa ndi maganizo akuti chimene chili mkati chilibe zofuna zake. Amene akufuna kulisandutsa nyumba ayenera kudula maganizo amenewo poyamba, asanadule chitsulo.

Ife tinazolowera kale kaganizidwe kotere. Nyumba za atsamunda zinali ndi "boyizi kota" kumbuyo, kachipinda kamdima kamene bwana sankalowamo. Atsamunda anapita, koma mapulani a nyumba anatsala, ndipo tinalowa m'nyumba yaikulu ija n'kusiya kachipinda kaja mmene kanalili. Kontena yangobwera kudzatchipitsa chizolowezi chakale n'kuchiveka dzina lamakono.

Ndiye yankho langa ndi lakuti tchimo silili m'chitsulo. Mungathe kumanga nyumba yaulemu ndi kontena, ndipo mungathe kumanga khola ndi njerwa. Mafunso ofunika ndi atatu. Kodi wogonamo anafunsidwa? Kodi angathe kutseka ndi kutsegula yekha ali mkati, makiyi ali m'thumba mwake? Nanga inu amene mwamanga mungalole kugonamo sabata imodzi mu Okutobala, kapena kugonekamo mwana wanu?

Lamlungu lotsatira ndinabwererako. Sindinapite ndi ulaliki, chifukwa malume salalikidwa ndi mphwawo. Ndinangowapempha kuti tikamwere tiyi m'kontena muja cha m'ma 1 koloko masana. Tinalowa ndi mipando iwiri, chitseko chili chotsegula. Tiyi asanathe, malume anali atamasula mabatani onse a shati.

"Iwe, muno ndi muno," anatero akupukuta nkhope.

"Ndipotu chitseko sitinatseke, malume."

Sanayankhe. Anayang'ana kudenga, kenako anayang'ana chitseko kwa nthawi ndithu. Titatuluka anaitana mnyamata uja, amene ankathirira ndiwo m'dimba, n'kumufunsa kuti zenera akufuna liloze kuti. Mnyamatayo anadabwa, anayang'ana ine, anayang'ana malume, kenako analoza kumene kuli mtengo wa mapeyala.

Kaya malume alipiradi zotchinga kutentha ndi denga lachiwiri lija, tiona mwezi ukatha. Ndalama ikafika pochoka m'thumba, chikumbumtima chimachita manyazi. Koma wowotcherera anauzidwa kale kuti adule khomo latsopano m'mbali, lokhala ndi loko wotsegulira mkati.